Kugula makina achipatala kwa makampani: mafunso ndi mayankho

Tsamba lino ndi la anthu amene amasaina mapepala ogulira zipangizo: oyang'anira zipatala za mishoni, eni makiliniki a m'tauni, makomiti ogula katundu, komanso abale athu a kunja amene akufuna kutumiza makina ku chipatala cha kwawo. Ambiri mwa mafunsowa amafunsidwa makina atafa kale. Ndi bwino kuwafunsa ndalama zisanatuluke.

Kodi kampani imene ikutigulitsa makina ndi yomwe inawapanga?

Kawirikawiri ayi. Opanga ali kutali: Philips ku Netherlands, Siemens Healthineers ku Germany, GE HealthCare ku America, Mindray ku Shenzhen, Sysmex ku Kobe. Iwowa amasankha ejenti m'dziko kapena m'chigawo, n'kumuphunzitsira amisiri ndi kumupatsa njira yopezera masipeyala. Kenako pali gulu lachitatu, makampani a m'chikwama. Awa amapambana tenda lero, n'kuitanitsa makina pa intaneti, ndipo pakatha miyezi isanu ndi umodzi foni yawo imangoitana osayankhidwa.

Kuti mudziwe amene mukulankhula naye, pemphani kalata yochokera kwa opanga yonena kuti kampaniyo ndi ejenti wawo wovomerezeka ku Malawi, ndipo kalatayo muitsimikizire polembera opangawo pa adiresi ya pa webusaiti yawo, osati imene ili pa kalatapo. Funsani amisiri awo ndi angati, amakhala mzinda uti, anaphunzira makina a mtundu umenewu liti. Funsaninso zipatala zitatu zimene zinagula makina omwewo zaka ziwiri zapitazo, muziimbire nokha. Wogulitsa akayamba kuzemba pa funso limeneli, ndiye kuti mwayankhidwa kale.

Zilembo za CE, FDA ndi ISO 13485 zimatanthauza chiyani?

CE imasonyeza kuti chipangizocho chinaloledwa kugulitsidwa ku Ulaya. Pa makina amene angavulaze wodwala akalakwitsa, pambali pa CE pamayenera kukhala manambala anayi a bungwe limene linawayesa, monga 0123 ya TÜV SÜD kapena 2797 ya BSI. CE yopanda manambala n'njoyenera pa zinthu zosaopsa ngati ndodo zoyendera ndi mabedi wamba, koma pa makina opumira kapena opopera mankhwala m'mitsempha ikukayikitsa. FDA ndi bungwe la boma la America. Dziwani kuti mawu oti kampani inalembetsa ku FDA satanthauza kuti makinawo anaunikidwa. Kulembetsa ndi kungodzidziwitsa. ISO 13485 ndi chiphaso cha fakitale, chonena kuti ili ndi dongosolo loyang'anira ubwino wa katundu, osati cha makina amodzi.

Pa zoyezera matenda monga HIV ndi malungo, komanso mafiriji a katemera, chimene chimatithandiza kwambiri ndi mndandanda wa WHO, bungwe la zaumoyo la dziko lonse lapansi, wa zipangizo zimene bungweli linaziyesa n'kuzivomereza. Mndandandawu uli poyera pa intaneti. Yang'anani dzina la chipangizo ndi nambala yake yeniyeni, chifukwa kampani imodzi ikhoza kukhala ndi mtundu umodzi wovomerezeka ndi ina isanu yosavomerezeka.

Nanga kuno kwathu amayang'anira ndani?

Bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, PMRA, limene linalowa m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board potsatira lamulo la 2019, ndi limene limapereka ziphaso kwa oitanitsa ndi ogulitsa mankhwala ndi zipangizo zachipatala. Makina a ekisire ndi ena otulutsa cheza choopsa amafunanso chilolezo cha Atomic Energy Regulatory Authority, ndipo chipinda chake chimayenera kuyenderedwa, choncho musayambe kumanga musanawaone. Zipatala za boma zimagula katundu wambiri kudzera ku Central Medical Stores Trust, pomwe nthambi ya Physical Assets Management ku Unduna wa Zaumoyo ndi imene imayang'anira makina ndi kukonza kwake. Ngakhale chipatala chanu chisakhale cha boma, amisiri a nthambi imeneyi amadziwa mitundu ya makina imene ikupirira m'zipatala za m'boma lanu ndi imene yadzaza m'sitolo ya zowonongeka. Afunseni.

Kotesheni yabwino ikhale ndi chiyani?

Mtengo wa makina okha ndi gawo laling'ono la nkhani. Pemphani kuti palembedwe mzere ndi mzere: mtengo wa makina, mtengo wowafikitsa pakhomo pa chipatala, amene adzalipire ku MRA ndi kwa otulutsa katundu pa chipata, kuika makina ndi kuwayesa, maphunziro a ogwiritsa ntchito ndi a mmisiri wanu, mabuku awiri a Chingerezi, lina la wogwiritsa ntchito lina la wokonza, ndi mitengo ya zinthu zotha msanga ya chaka chonse. Mukaona zilembo FOB, ndiye kuti udindo wa wogulitsa wathera padoko la kwawo. CIF Beira kapena CIF Dar es Salaam imathera padoko limenelo, ulendo wa pamsewu ndi wanu. DDP ndiyo imafikitsa katundu kwanu misonkho italipiridwa.

Onaninso ndalama imene mtengowo walembedwera. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo aliyense amene anali ndi mgwirizano wa m'madola anadzuka ndi ngongole ina. Gwirizanani zoti mtengo ukhala masiku angati usanasinthe. Pa bajeti, patulani pakati pa 5 ndi 10 peresenti ya mtengo wa makina chaka chilichonse kuti ikhale yokonzetsera. Ngati ndalama imeneyi palibe, gulani makina ocheperako.

Tikufuna kugula makonsentireta a okosijeni. Tiyang'ane chiyani?

Tiyambe ndi mmene amagwirira ntchito, chifukwa mavuto ake onse amachokera pamenepo. Mpweya umene timapuma uli ndi okosijeni 21 peresenti ndi naitirojeni 78 peresenti. Konsentireta imakoka mpweya wa m'chipinda, kompuresa n'kuukankhira m'timigolo tiwiri todzaza timiyala totchedwa zeolite. Timiyalati timagwira naitirojeni n'kusiya okosijeni kudutsa. Kamgolo kena kakamagwira, kanzake kamakhala kakutaya naitirojeni, ndipo kusinthana kumeneku ndi kumene mumamva ngati makina akupuma. Konsentireta yabwino imatulutsa okosijeni wa pakati pa 90 ndi 95 peresenti, ndipo iyenera kukhala ndi alamu yolira akatsika kufika pansi pa 82.

Adani ake ndi atatu: fumbi, chinyezi ndi magetsi. Fumbi limatseka fyuluta, kompuresa n'kutentha. Fyuluta yakunja, ya siponji ija, ichapidwe ndi madzi a sopo sabata iliyonse, ndipo m'miyezi ya fumbi ya September ndi October kawiri pa sabata. Isabwezedwe yonyowa, n'chifukwa chake muyenera kugula ziwiri pa makina alionse, ina ikamauma ina ili pantchito. Chinyezi ndi choopsa kwambiri chifukwa chimapha zeolite mwakachetechete. Makina amalira bwinobwino, kampira ka pa flowmeter, kachubu koonetsa malita a mpweya wotuluka, kamayandama pa malita awiri, koma chimene chikupita kwa mwana ndi mpweya wamba. Izi zimachitika kwambiri kunyanja ndi ku chigwa cha Shire, komanso pa makina amene angokhala m'sitolo miyezi yambiri. Konsentireta yosungidwa iyatsidwe theka la ola sabata iliyonse. Ndipo musagule makonsentireta popanda kachipangizo koyezera kuchuluka kwa okosijeni, oxygen analyser. Ndi kokhako kamene kanganene zoona.

Pa kukula kwake, ilipo ya malita 5 pa mphindi imene imadya mawati pafupifupi 350, ndi ya malita 10 imene imadya pafupifupi 600. Ku wodi ya ana, ya malita 10 yokhala ndi flow splitter, chipangizo chogawira mpweya m'machubu angapo, imathandiza ana angapo nthawi imodzi, poti khanda limafuna theka la lita mpaka lita imodzi pa mphindi, ndipo mwana wosakwana chaka lita imodzi mpaka awiri. Iimikeni masentimita 30 kuchokera pakhoma ndi pa makatani, kutali ndi mbaula, kandulo ndi hita. Kampani ikuuzeni mtengo wa timigolo ta zeolite, wa zokonzera kompuresa ndi wa fyuluta yam'kati, ndipo ikuonetseni kuti zinthuzi ili nazo m'dziko muno. Silinda imodzi yodzaza ikhalepo nthawi zonse yodikirira kuzima kwa magetsi.

Magetsi athu amapha makina motani?

Magetsi a ESCOM ndi a mavoti 230 pa 50 Hz, pulagi ya mano atatu a makona. Chimene chimawotcha makina nthawi zambiri si kuzima koma kubwera kwake, pamene mphamvu imalumpha, ndiponso madzulo pamene mavoti amatsika kompuresa n'kumakoka movutika mpaka kupsa. Makina alionse odula akhale ndi chotetezera chimene chimadula magetsi akakwera kapena akatsika, n'kudikira mphindi zingapo chisanalumikizenso. Makina a labotale ndi makompyuta amafuna UPS, bokosi la mabatire lopatsa makina mphamvu magetsi akazima, kuti amalize kuyeza kumene kwayambika. Mabatire a UPS amafooka pakatha zaka ziwiri kapena zitatu, msanga kuposa pamenepo m'chipinda chotentha, ndipo anthu amadziwa tsiku limene magetsi azima makina n'kuzimira limodzi. Yesaninso waya wa earth wa nyumbayo. Makampani ambiri amakana waranti akapeza kuti bolodi inapsa ndi magetsi, ndipo m'mapepala awo zinalembedwa.

Kampani ina ikuti itipatsa makina a labotale aulere bola tizigula mankhwala oyezera kwa iyo. Tivomere?

Walira mvula walira matope. Makina ambiri a masiku ano ndi otseka: amalandira mankhwala kapena makatiriji a kampani yawo yokha. Chitsanzo chodziwika ndi GeneXpert ya kampani ya Cepheid ya ku California, imene WHO inaivomereza mu 2010 kuti iziyeza chifuwa chachikulu. Imapereka zotsatira pasanathe maola awiri n'kunenanso ngati kachilombo kakukana mankhwala a rifampicin, koma kuyeza kulikonse kumadya katiriji imodzi, ndipo katirijiyo sipangidwa ndi wina aliyense. Mtengo wake kwa maiko osauka unakhala madola 9.98 kuyambira 2012, ndipo unatsika kufika 7.97 mu 2023 mabungwe atakakamira zaka zambiri. Makinawa amafunanso chipinda chosapitirira madigiri 30, makatiriji asungidwe pakati pa madigiri 2 ndi 28, ndipo chaka chilichonse ayesedwe ngati akuwerenga molondola.

Mgwirizano wa makina aulere si woipa pawokha. Ubwino wake ndi woti makina akafa kampani imataya ndalama, choncho imathamanga kudzakonza. Koma werengani chiwerengero cha mayeso amene mukulonjeza kugula pamwezi. Ngati mwasaina 1,000 pomwe odwala anu ndi 300, mudzalipira mankhwala othera m'firiji. Funsani mtengo wa kuyeza kumodzi zonse zitawerengedwa: macontrol ndi macalibrator (mankhwala oyesera ndi kukonzera kawerengedwe ka makinawo), madzi otsukira, ndi mankhwala amene makina amamwa okha m'mawa uliwonse akamadzitsuka. Makina oyeza magazi athunthu amamwa ndithu ngakhale tsiku limene mwayeza anthu atatu. Funsaninso botolo likatsegulidwa limakhala masiku angati, ndipo mulembetse kuti katundu azifika atatsala ndi miyezi yosachepera isanu ndi umodzi. Labotale yaing'ono nthawi zambiri imapindula ndi makina otseguka, olandira mankhwala a makampani osiyanasiyana, ngakhale amafuna manja ambiri.

Waranti ndi mgwirizano wa sevisi zikusiyana pati?

Waranti imakonza zimene zinalakwika ku fakitale, kawirikawiri kwa chaka chimodzi. Onetsetsani kuti iyambe tsiku loika makina, osati tsiku lochoka ku fakitale, poti katundu amatha miyezi padoko ndi m'njira. Mgwirizano wa sevisi ndi wolipira, ndipo uli mitundu iwiri: wina umalipira mmisiri yekha, masipeyala n'kukhala anu, wina umaphatikiza zonse. Mulimonsemo mulembedwe kuti adzabwera kangati pachaka kudzasamalira makina asanafe, adzafika pakatha maola angati mukaimba, ndani alipire mafuta ndi malo ogona, ndiponso ngati adzakubwerekeni makina ena anu akatengedwa. Pa makina a ultrasound funsani za probe, kachipangizo koyendetsa pathupi pa wodwala, pa ekisire funsani za chubu. Ziwirizi ndi zodula kuposa zina zonse ndipo ndi zimene zimachotsedwa m'mgwirizano ndi zilembo zazing'ono. Ngati makina ali ndi pasiwedi ya okonza, pemphani kuti mmisiri wanu apatsidwe.

Abale athu a kunja akufuna kutitumizira makina ogwiritsidwapo kale ntchito. Tilandire?

Landirani zimene munapempha, osati zimene zatsala kwa ena. Asanatumize akupatseni dzina la makina, nambala yake, chaka chopangidwa ndi chithunzi cha kachitsulo ka kumbuyo kolembedwa za magetsi. Makina a ku America ndi a mavoti 120 pa 60 Hz. Thiransifoma imasintha mavoti koma siisintha ma Hz, choncho mota ndi kompuresa zimayenda pang'onopang'ono n'kumatentha. A ku Britain amagwirizana ndi athu mpaka pulagi. A ku South Africa magetsi ndi amodzimodzi, pulagi yokha ndiyo yosintha. Lemberani opanga muwafunse ngati akupangabe masipeyala a mtunduwo, chifukwa chipatala cha kunja nthawi zambiri chimataya makina pamene opanga aleka kuwathandiza. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: makina opumira owala bwino amene amafuna mapaipi a okosijeni ndi mpweya wa m'khoma alibe ntchito m'chipatala chopanda mapaipiwo. Kukana mphatso n'kovuta pa chikhalidwe chathu, koma kontena ya zitsulo zakufa imadya ndalama za msonkho, malo, ndi ubale womwe.

Kodi alipo makina opangidwira zipatala ngati zathu?

Alipo. Pumani, makina othandiza makanda obadwa masiku asanakwane kupuma, anapangidwa mogwirizana pakati pa Rice University ya ku Houston ndi madokotala ndi anamwino a ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre. Mphamvu ya mpweya imakhazikitsidwa ndi botolo la madzi: chubu chikamira masentimita 6, mphamvu ndi 6, ndipo madzi akamatulutsa thovu ndiye kuti mpweya sukuthawira pena. Thovu likaleka, yambani kuona timachubu ta m'mphuno ndi molumikizira musanaitane mmisiri. Ntchitoyi inakula n'kukhala NEST360 mu 2019, imene imayesa zipangizo za makanda pa kutentha, fumbi, chinyezi ndi magetsi osakhazikika, n'kulemba zimene zapirira. Ku mayunivesite a MUBAS ndi MUST akuphunzitsanso mainjiniya a makina achipatala, choncho chipatala cholemba mmodzi ntchito sichidaliranso mmisiri wochokera ku Johannesburg pa fyuzi yakupsa.

Firiji ya kunyumba ingasunge katemera?

Ayi. Katemera amafuna madigiri 2 mpaka 8, ndipo firiji ya kunyumba imaundanitsa zimene zili kumbuyo n'kufunditsa za pachitseko. Katemera wa kafumbata ndi wa pentavalent akaundana amatha mphamvu ngakhale asungunuke. Gulani firiji ya pa mndandanda wa WHO. Makampani ngati B Medical Systems, Vestfrost, Haier ndi Dulas amapanga za sola zopanda mabatire, zimene zimasunga kuzizira m'makoma mwake. Kutentha kulembedwe m'mawa ndi madzulo.

Autoclave yathu, makina ophera tizilombo pa zida ndi nthunzi, imangopsa element. Vuto ndi makina kapena ife?

Nthawi zambiri ndi madzi. Madzi a pa mjigo ali ndi mchere umene umamata pa element ngati zoyera za m'ketulo, element n'kutentha mpaka kuphulika. Thirani madzi oyeretsedwa ndi distiller, makina ochotsa mchere m'madzi, ndipo distiller igulidwe limodzi ndi autoclave. Kachiwiri ndi kuyatsa madzi ali ochepa. Zida zokulungidwa zimafuna madigiri 121 kwa mphindi 30, kapena 134 kwa mphindi 4 pa makina okoka mpweya, ndipo nthawi imayamba kuwerengedwa kutentha kukafika, osati poyatsa. Mukapanikiza katundu kapena mukapanda kutulutsa mpweya poyamba, geji imaonetsa mphamvu yokwana koma pakati pa mtolo nthunzi siinafike. Labala ya pachitseko imatha, sungani ina.

Makampani a mapulogalamu a kompyuta osungira mbiri ya odwala tiwafunse chiyani?

Malawi si mlendo pa zimenezi: makompyuta ogwira ndi chala a Baobab Health anayambira ku Kamuzu Central Hospital kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo malipoti a Unduna amapita mu pulogalamu ya DHIS2 ya University of Oslo. Funso loyamba ndi loti mbiri ya odwala ndi ya ndani, ndipo mukasiyana ndi kampaniyo mudzaitenga bwanji ndi pa mtengo wanji. Lachiwiri, pulogalamuyo imagwira ntchito intaneti ikaduka? Lachitatu, zosungidwa zimakoperedwa kuti, kangati, ndipo munayesapo kuzibwezeretsa? Lamulo loteteza mbiri ya anthu la 2024 limaika udindo pa chipatala chosonkhanitsa mbiriyo, choncho aliyense akhale ndi pasiwedi yake, osati imodzi yomatidwa pa kompyuta ya wodi yonse.

Tsiku lolandira makina tichite chiyani?

Musasaine kalata yolandirira katundu ali m'bokosi. Tsegulani pamaso pa woimira kampani, mmisiri wanu ndi amene adzagwiritse ntchito makinawo. Werengani zinthu molingana ndi kotesheni, mpaka zingwe ndi mabuku. Makina ayatsidwe, ayesedwe, manambala alembedwe. Konsentireta iyende ola lathunthu pa malita ake onse, analyser ili pakamwa pake. Lembani nambala ya makina m'kaundula, mupachike khadi la sevisi pambali pake, ndipo gawo lina la ndalama, mwina 10 peresenti, litsale mpaka maphunziro atachitika. Ophunzitsidwa asakhale a shifiti imodzi, komanso asakhale mabwana okha.

Kenako lembetsani makinawo kwa opanga ndi imelo ya chipatala, osati ya munthu amene mawa akhoza kusamutsidwa. Makampani amaitanitsa katundu wawo akapezeka ndi vuto, monga Philips inachitira mu June 2021 ndi makina mamiliyoni othandiza kupuma, siponji yochepetsa phokoso itapezeka kuti ikunyenyeka n'kulowa m'njira ya mpweya. Uthenga wotero umapita kwa amene ali m'kaundula wa opanga. Makina ogulidwa kwa wachikwama kapena obwera m'kontena ya mphatso salimo m'kaundulamo, choncho nambala zake muzizifufuza nokha pa webusaiti ya opanga kamodzi pachaka.